Kuyeza Mwendo wa Apongozi

Ndiyamba ndi kuthokoza Mulungu, mwini mpweya wanga, amene wasunga maso anga zaka zonsezi ndikuyang'anana ndi moto wowotcherera zitsulo, ndiponso wandisungira zala zonse khumi pamene anzanga ena pa ntchitoyi zawo zinaperewera. Ndimthokozanso chifukwa cha apongozi anga aakazi, pakuti nkhani iyi ndi yawo.

Ine ndimawotcherera zitsulo ku Kalingalinga. Tsiku ndi tsiku ndimapanga mageti ndi mafulemu a zitseko, koma chimene mtima wanga umakonda ndi kudzutsa magalimoto akale amene eni ake anawataya.

Apongozi anga aamuna anali ndi galimoto yakale ya m'tchire, ya thupi la makona ngati bokosi, yokoka ndi matayala onse anayi. Ndiyo inkawafikitsa ku munda wawo kuseri kwa Chongwe, kumene msewu umatha n'kutsala njira ya ngolo. Itafa, inakhala pabwalo pawo ku Chawama zaka zambiri, iwo n'kumapita ku munda pa basi, chotsalacho pa njinga. Kenako matenda ofa ziwalo anawagwira mbali imodzi, njinga inaimikidwa, ndipo munda unagona chaka chathunthu.

Abale atasonkhana, mng'ono wa apongozi aamunawo wa ku Mandevu anapempha galimotoyo. Anauza apongozi anga aakazi kuti, "Mulamu, ichi chimotoka chizaolela pano. Nipaseni ine, nichikonze, chizinyamula malasha."

Apongozi anayankha kuti, "Idzanyamula mbewu. Ndidzayendetsa ndine."

Anthu anaseka, koma mayiwo anatulutsa laisensi m'chikwama. Anali atapita mwakachetechete kusukulu yoyendetsa galimoto, ali kale ndi zidzukulu zisanu ndi chimodzi. Anagwirizana tsono kuti ikakonzedwa, mayiwo n'kuiyendetsa okha abale akuona mvula yodzalira isanagwe, ikhala yawo. Akalephera, ipita ku Mandevu. Tonse tinkadziwa kuti galimoto ikapita, mundawo wapitanso, pakuti mayi wa msinkhu umenewo sangakwere njinga ndi matumba a feteleza.

Tinaikoka mpaka pamalo anga a ntchito. Injini anaikonza mnzanga makanika. Gawo langa linali m'kati: pansi pa mapazi panali patadyeka ndi dzimbiri mpaka kuona dothi, mipando inatsala mawaya okha, chiwongolero chinkazungulira theka osakhudza matayala, ndipo zopondera zinali zitauma gwa.

Ntchito imeneyi ndimaidziwa. Mpando, chiwongolero ndi zopondera siziikidwa poyeza galimoto, zimaikidwa poyeza munthu. Umayamba ndi chidendene. Woyendetsa akaponda kilachi mpaka pansi, bondo litsale lopinda pang'ono. Ukapeza zimenezo ndiye umamanga mpando. Chiwongolero chimabwera pomaliza, kuti dzanja lifike pamwamba pake msana usanachoke pa mpando. Anthu ambiri ndawakhazikapo pa kireti, tepi ili m'manja mwanga, ndikuwayeza kuchokera m'chiuno mpaka ku nsapato.

Koma kwathu kum'mawa mkamwini sayandikira apongozi ake aakazi. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za ukwati wanga sindinawagwirepo dzanja. Sindinadye nawo mbale imodzi. Moni ndinkapereka nditanjuta patali, maso pansi, ndipo nkhani yaitali inkadzera mwa mkazi wanga. Ana obadwira m'tauni muno amaseka zimenezi, koma ine sindichita nazo manyazi, pakuti Malemba amatilamula kulemekeza makolo, ndipo amene anandiberekera mkazi ndi kholo langa. Tsono ndikanayamba bwanji kuika tepi pa mwendo wawo?

Ndinapeza njira imene ndinaiona ngati nzeru. Kutchalitchi ndinkaona mkazi wanga ataima pafupi ndi amayi ake, mapewa awo ali mzere umodzi. Ndinati m'mtima, mwana ndi mayi ake msinkhu ndi umodzi. Ndinamukhazika mkazi wanga pa kireti m'galimoto muja, ndinamuyeza bwinobwino, ndinalemba ndi choko pa chitseko.

Milungu itatu ndinagwira ntchito yokoma. Ndinadula pansi ponse povunda n'kuika chitsulo chatsopano chokhuthala. Mipando ndinaipeza kwa ogulitsa zotsala za minibasi, mnansi wanga wosoka masofa n'kuiveka siponji ndi nsalu yolimba. Chiwongolero ndi mtengo wake wachitsulo ndinachotsa pa galimoto ina yophwanyika, ndipo ndinachipangira chogwirira cha mabawuti anayi. Zopondera ndinazimasula, kuzitsuka, kuzidzoza girizi. Zonse ndinawotcherera kotheratu, n'kupaka penti yobiriwira. Oyenda pansi opita ku ntchito kumayadi ankaima kuyang'ana.

Loweruka lina m'mawa apongozi anabwera kudzayesa, ndipo mlamu wawo wa ku Mandevu anabwera nawo osaitanidwa. Ine ndinaima patali, pafupi ndi mageti ogulitsa. Mayiwo anakwera movutikira, mkazi wanga akuwakankha kumbuyo. Analiza injini. Ndinamva giya ikukukuta ngati galu pa fupa, kawiri, katatu. Kenako galimoto inadumpha, inagunda mulu wa mafulemu a zitseko, n'kuzima. Mafulemu anagwa limodzilimodzi, phokoso mpaka kumsika.

Palibe anavulala, Ambuye alemekezeke. Koma mlamu uja anaomba m'manja. "Mwaona ka? Iyi si motoka ya ku driving sukulu, mulamu. Iyi ifuna mwamuna. Nizabwela Satade kuitenga."

"Mvula sinagwe," anatero apongozi, akutsika. Sanandiyang'ane, monga mwa masiku onse, koma tsiku limenelo kusayang'anako kunandilemera.

Lamulungu kutchalitchi maganizo anga anali pa mnyamata uja wa m'Malemba, woweta nkhosa, amene mfumu inamuveka zovala zake zankhondo ndipo analephera kuyenda nazo. Zovalazo zinali zabwino, koma anayezera thupi la wina. Ndinadziwa kuti cholakwa sichinali cha mayiwo. Chinali changa, ndipo ndinachivomera pamaso pa Mulungu.

Lolemba m'mawa, ndikutsegula pa ntchito, ndinaona apongozi akutsika minibasi ndi mkazi wanga. Ndinanjuta pamene ndinali. Iwo anapita molunjika ku galimoto, anakwera, n'kusiya chitseko chotsegula.

Ndinapatsa mkazi wanga tepi, ine n'kutembenukira kukhoma. "Uwauze amayi aponde kilachi mpaka pansi."

"Amayi, akuti mupon..."

"Ndamva, makutu ndili nawo," anatero mayiwo. "Uwauze kuti ndaponda."

"Akuti aponda."

"Yafika pansi?"

"Yatsala pang'ono."

"Pang'ono bwanji? Zala zingati?"

"Kaya, ziwiri. Kapena zinayi. Zala zanu kapena zanga?"

Kalipentala wa pafupi nane anali atasiya kupala thabwa, akumvetsera, mapewa akugwedezeka. Tinapitiriza choncho kanthawi, manambala akubwera osagwirizana. Kenako ndinamva mawu amene sindinawamvepo akulunjika kwa ine.

"Apongozi."

Ndinayankha ndili choyang'ana khoma. "Wawa, amayi."

"Tembenukani. Bwerani kuno muone mwendo uwu."

Sindinasunthe. Anapitiriza: "Adokotala kuchipatala anauona, anaugwira, ndipo si ana anga. Inu mwandilemekeza zaka zonsezi, ndaona, ndipo Mulungu waona. Koma ulemu wokandigwetsera m'ngalande ndi bambo anu odwala sindiufuna. Bwerani."

Ndinapita. Ndinagwada pa chitseko cha galimoto, thukuta likutsika m'khosi ngakhale dzuwa linali lisanakwere. Iwo anakokera chitenje mpaka pa bondo n'kuponda. Pomwepo ndinaona chimene tepi ya mkazi wanga sikanandiuza. Bondo lawo lakumanzere silinkawongoka lonse. Likafika pakati linkaima, phazi n'kupendekera m'kati, chidendene n'kunyamuka, ndipo ankakankha ndi nsonga ya chala chachikulu chokha. Komanso msinkhu wawo unali wa msana. Miyendo inali yaifupi kuposa ya mwana wawo.

"Ndinagwa pa chitsime ndili ndi pakati pa mkazi wanuyu," anatero. "Sanakuuzeni?"

Mkazi wanga anagwira pakamwa. "Amayi, ine ndinazolowera mayendedwe anu, sindinaganize n'komwe."

"Ndiwe mwana wa bambo ako. Miyendo ngati ya kakowa, mutu kuiwala."

Tinaseka tonse atatu. Ndinaika katoni pansi pa mapazi awo, ndinapaka choko kunsi kwa nsapato, ndinawapempha kuti aponde pamene phazi likufuna lokha, osalikakamiza. Chizindikiro chinagwera kumanja kwa chopondera ndi zala zitatu. Ndinawayeza kuchokera pa bondo mpaka ku chidendene, ndi kuchokera pa phewa mpaka pa dzanja. Tepi ndinagwira ndine.

Kalipentala uja anandilangiza kuti ndingomangirira chipika cha mtengo pa chopondera, monga amachitira ambiri. Ndinakana. Chipika chimamasuka tsiku limene ukuchifuna kwambiri, ndipo munthu ameneyu adzawoloka mitsinje ndi wodwala pambali pake.

Ndinatenga gulayinda n'kudula ntchito yanga yonse ya milungu itatu, penti ndi zonse. Mtima sunawawe. Mpando ndinausendeza kutsogolo ndi kuukweza. Pamenepo chiwongolero chinayamba kuwagunda pamimba, choncho ndinafupikitsa mtengo wake n'kupanganso chogwirira kuti chiweramire m'mwamba. Kilachi ndinaipangira mkono watsopano wa chitsulo chokhuthala, wokhotera kumene phazi linkagwera, ndi popondera potakata. Buleki ndinaisendeza pang'ono kuti nsapato ziwiri zisakhudzane, n'kuiika pa msinkhu umodzi ndi kilachi. Pansi ndinaika kachitsulo kopingasa kotsamirapo chidendene. Pa chitseko ndinawotcherera sitepe ndi chogwirira, kuti azikwera popanda wowakankha.

Ulendo uno sindinawotcherere kotheratu. Ndinkangodontheza moto pang'ono, iwo n'kubwera m'mawa kudzakhalapo, n'kundiuza okha. "Apa pakukola." "Kwezani pang'ono." "Iyayi, mwakweza ngati guwa, tsitsani." Masiku atatu anabwera. Tsiku lachinayi anaponda kilachi, inafika pansi phee, msana uli pa mpando, ndipo giya inalowa mopanda phokoso. Pamenepo ndinamanga zonse, bawuti iliyonse ndinaibwereza kawiri.

Loweruka mitambo inali itayamba kusonkhana kum'mawa. Mlamu uja anabwera ndi dalaivala wake woti atenge galimoto. Apongozi anagwira chogwirira, anaponda sitepe, anakhala.

"Alamu, kwerani kutsogolo kuno muone bwino."

"Ine nili na bana, mulamu. Nizaonela pansi."

"Kwerani. Mwamuna saopa galimoto yofuna mwamuna."

Anthu a m'mashopu anakuwa, ndipo mlamuyo anakwera. Ine ndi mkazi wanga tinakhala kumbuyo. Mayiwo anatuluka pa geti chobwerera m'mbuyo osakhudza kanthu. Analowa msewu wa mabampu wopita ku Mtendere, anadutsa minibasi yoima pakati pa njira, kondakitala akuwaimbira mluzu. Pa kamtunda kena ngolo ya makala inatitsekera, ndipo anaima. Apa ndi pamene ndinapemphera, pakuti kunyamuka pa mtunda ndiko kumaulula mwendo. Ngolo itachoka, anamasula kilachi pang'onopang'ono, galimoto inanjenjemera, n'kukwera osabwerera m'mbuyo ngakhale dzanja limodzi.

Titabwerera, mlamu uja anatsika, anazungulira galimoto, anamenya tayala ndi nsapato. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana dalaivala wake. "Tiye tikakwele basi, iwe." Kenako anatembenuka. "Mulamu, mukakolola, dzungu imozi ni yanga."

"Awiri," anatero apongozi. "Limodzi la mantha anu."

Mvula yodzalira inagwa sabata yotsatira. M'mawa mwake tinanyamula apongozi aamuna n'kuwakhazika pa mpando wakumanzere, tinawamanga lamba, tinaika pilo pansi pa mkono wofookawo. Kulankhula kunkawavuta, koma ndi dzanja lamoyolo anasisita chitsulo cha kutsogolo kwawo nthawi yaitali. Kumbuyo tinaika mbewu, feteleza ndi makasu. Tinapemphera titagwira galimoto, ndipo ananyamuka. Masana foni ya mkazi wanga inalira. Anali amayi ake, akuti afika, mtsinje awoloka, ndipo bambo akhala pansi pa mtengo akuloza ndi ndodo poyambira mizere.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Mulungu wa mtendere akudalitseni. Adalitse ntchito ya manja anu, kaya ndi ya chitsulo, ya thabwa, ya khasu kapena ya pa msika. Akupatseni mtima wovomera msanga pamene mwalakwa, ndi mphamvu yoyambiranso. Asunge okalamba anu ndi odwala anu, akutetezeni pa misewu yonse imene mudzayendamo, ndipo minda yanu isagone. Ameni.