Diso Lakumanja ndi Pepala la Mizere

Kwathu ku Chikweo, Ramadani ikamatha, anthu ankadalira ine poyang'ana mwezi watsopano. Ndinkanyada nazo, sindibisa. Chaka china, pofuna kuwapambana anzanga, ndinayamba kuufunafuna dzuwa lisanalowe, maso ali dwii komwe kunali dzuwako. M'mawa mwake chilichonse chomwe ndayang'ana chinali ndi kadontho kotuwa pakati.

Kuchipatala ku Liwonde adokotala, mayi wosachulutsa mawu, anandithira mankhwala m'maso n'kusuzumiramo ndi tochi. Anati dzuwa lawotcha mkati mwa maso, makamaka lakumanja. Anandipatsa pepala la mizere yopingasana.

"Muziliyang'ana m'mawa uliwonse, diso limodzi mutatseka. Mizere ikamakhota kwambiri, bwerani msanga. Apo ayi, tionane pakatha miyezi itatu."

Pepalalo ndinalimata pakhoma. Koma zotseka diso ndinaziona zachibwana. Bambo wamkulu ngati ine kumatsinzinira khoma! Ndinkayang'ana ndi onse awiri. Patapita milungu ingapo mizere, yomwe poyamba ndinkaiona yokhota, inawongoka, kadontho kanazilala, ndipo ndinauza akazi anga kuti ndachira.

"Nanga ulendo wa ku Liwonde uja?" anafunsa.

"Wachiyaninso? Alhamdulillah, ndikuona bwinobwino."

"Inu bambo, makani adzakuphani. Tipita basi."

Tinapita, ine ndikung'ung'udza njira yonse. Adokotala anandikhazika pampando n'kundiphimba diso lamanzere, kenaka analoza bolodi la zilembo.

"Werengani chilembo chapamwambacho."

Ha! Chilembo chake chiti? M'mphepete mwa bolodi ndinkaonamo, koma pakati panali mbuu.

"Lamanzere lachira, ndipo ndi lomwe lakhala likuonera linzake," anatero. "Lakumanjali lili ndi chipsera. Mwina chichepako, koma zoti chitheratu ndikukayika. Dzuwa musadzaliyang'anenso. Mubwerenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi."

Ndinafunsa za magalasi. Iyayi, anati magalasi sachotsa chipsera.

Tikudikira minibasi ndinkayembekeza kuti akazi anga andinena. Ndinaphimba diso lamanzere ndi dzanja n'kuwayang'ana. Mpango wawo ndinauona, ndolo ndinaziona, koma nkhope panalibe. Zinandiwawa kwambiri, ndipo ndinawauza kuti sindikuwaona.

"Chotsani dzanjalo, bambo," anatero. "Mundione ndi lomwe latsalalo."