Mbuzi imene inaphethira

Kachitini ka mkaka, mkati mwake msomali, ndiye linali belu la mbuzi yanga. Ndinakhoma ndekha. Ikamadutsa kuseri kwa sukulu ku Nkope, ngwe ngwe ngwe, kalasi yonse inkadziwa kuti yabwera kudzandifuna.

Inali nyengo ya mango, ntchentche mbwee, milomo yathu yachikasu. Za boma anthu sankayankhula masiku amenewo, khadi la chipani m'thumba, pakamwa potseka. Ndiye akuluakulu ankalimbana pa zina. Aphunzitsi, mlendo wochokera kumpoto, anatiuza kuti chamoyo chimadya, chimapuma, chimakula, chimabereka. Ndinakanena kwa amjomba, alongo awo a amayi, Msilamu wa ndevu zake. Anaseka mpaka kofia kugwa.

"Ndiye moto ndi m'bale wathu? Umadya, umakula, umabereka. Nanga azakhali ako osabereka aja ndi mwala?"

Aphunzitsi atamva, anayamba kubwera pakhomo pathu akaweruka kudzatsutsana nawo, amayi n'kumawathirira thobwa. Panalibe wogonja. Lero tianyamata ta pa wailesi timati tikufufuza tanthauzo la moyo. Zaziii. Sitinagwirepo ngakhale mwendo wa mbuzi timeneti.

Tsiku lina lole ya nsomba inaigunda mbuzi yanga pamsewu, osaima n'komwe. Ndinaipeza ili kwala, maso ali tong'o. Anthu anaunjikana. Aphunzitsi anaika dzanja pamimba, n'kunena kuti sikupuma, yapita. Amayi anati tikaikwirire basi. Ife tinali a ku tchalitchi, tikanatha kudya, koma nyama yofa yosazinga ndi haramu, yoletsedwa kwa amjomba ndi ana awo, ndipo amayi sakanatafuna abale awo akuyang'ana.

Kuikwirira? Ine ndinakana. Ndinagwada, ndinaikhudza diso ndi chala, inaphethira. Ndinakuwa kuti onani, ili moyo, ili moyo. Mumtima ndinkati aitengera kunyumba, akaimange mwendo, ichire.

Amjomba anawerama, anakhudza nawonso. Inaphethiranso.

"Mwanayu wanena zoona. Mpeni, tafulumirani."

Aphunzitsi ndi amene anagwira miyendo, malaya oyera ali m'fumbi. Amjomba anailozetsa komwe amayang'ana akamaswali, anati Bisimila, magazi anatumphuka. Amayi anandigwira pachifuwa, ine ndikuponda pansi ngati wamisala.

Masana amenewo anadya onse, a ku tchalitchi ndi a ku mzikiti, mafuta mpaka m'zigongono. Aphunzitsi ndi amjomba anapitiriza mkangano wawo fupa lili kukamwa. Ine anandipatsa chiwindi, ati ndine mwamuna wa maso. Ndinalira, koma ndinadya. Ndisaname, chinali chokoma, ndipo mpaka lero zimandikwiyitsa kuti chinali chokoma.

Mutu wanga sunkagwira chinthu chimodzi. Ikanakhala yakufa akanaisiya yathunthu. Poti inali moyo, anaipha. Ndipo amayi, akundipukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, ankandithokoza.