Kunjuta kwa Achimwene pa Ulendo wa ku Mchesi

Tinanyamuka ku Area 23 m'mamawa, ine ndi achimwene anga a Lingisoni, amene anali atangotuluka kundende. Munali mu 1995, nyengo yotentha. Mayi eni nyumba imene ndinkachita lendi anali atandiuza mosapsatira: "Munthu wochokera kundende wongokhala sindimufuna pano. Apeze chochita sabata ino, apo ayi azipita." Azipita kuti? Kumudzi ku Thyolo abale anali atawakana kale. Ine mtima unali m'mwamba.

Minibasi itaima, kondakitala analandira makwacha athu n'kuloza mpando, koma achimwene anangonjuta pakhomo. "Bambo, mwalipiratu, khalani pampando!" anakuwa kondakitala, anthu n'kufa nazo nseko. Ndinawakoka malaya. Paja kundende munthu akafika pachitseko kapena pamaso pa bwana amanjuta kudikira kuwerengedwa, ndiye miyendo yawo inali itazolowera.

Cha m'ma 8 koloko tinatsika ku Kawale, patchalitchi china chimene ndinamva kuti amathandiza ovutika. Mkulu wa mpingo anatilandira ndi nsangala, mpaka achimwene ananjuta pakhonde.

"Kodi akudwala?" anafunsa mkuluyo.

"Ayi abambo, angotuluka kumene kundende."

Nkhope ya mkuluyo inasintha pomwepo. "Ife pano timaona za amasiye. Kayeseni ku Biwi, kuli bungwe lina." Anatipempherera ndithu, koma tili panja.

Ku Biwi tinapita wapansi, fumbi lili kobo, dzuwa likuswa mtengo. Panjira ndinagula zitumbuwa ziwiri. Changa ndinadya, koma achimwene chawo anabisa m'malaya, maso uku ndi uku ngati wina awalanda. Pakaofesi ka bungwe lija tinapeza mayi akuluka juzi. Anati abwana ali kumsonkhano, komanso iwo ntchito yawo ndi ya alimi. Potembenuka ndinapeza achimwene ali pansi kale.

Apa ndinapsa mtima. "Achimwene, mukundichititsa manyazi! Paliponse mukudziulula nokha. Mukanjutanso ndikusiyani pompano!"

"Achemwali, sindikufuna ine," anayankha motsitsa. "Miyendoyi ikumachita yokha."

Ndinayang'ana kumbali kuti asaone misozi yanga.

Masana tinalowa mu Mchesi, kumene amakhoma mipando, mabedi ndi mabokosi amaliro m'mbali mwa msewu. Achimwene anaphunzira ukalipentala kundende komweko, ndiye apa mpamene panatsalira chiyembekezo changa. Pashedi yoyamba anati anthu akwana. Pa yachiwiri anafunsa kumene achimwene ankagwira ntchito kale, nditayankha anangoseka. Tikuyandikira yachitatu ndinawanong'oneza: "Chonde, muime njo ngati munthu, zolankhula mundisiyire ine."

Mwini shedi, bambo wamfupi wadazi, anatulukira pensulo ili kukhutu. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, achimwene pansi! Mayo ine, ndinati basi, lero tikalongedza katundu.

Bamboyo anawayang'ana nthawi yaitali. "Zaka zingati, akulu?"

"Zinayi, bwana."

"Ine zisanu. Dzukani, kuno kulibe foleni yowerenga akaidi." Anawapatsa puleni ndi thabwa la mlombwa. Achimwene atayamba kupala, puleni inkangotsetsereka m'manja mwawo. Bamboyo anasisita thabwalo ndi chala n'kunena kuti, "Mawa mulawirire."

Kenako anatikhazika pabenchi n'kutiuza zimene tinazisaka tsiku lonse: mayi wa kuseri kwa msika amene amachititsa lendi osafunsa mbiri ya munthu, chipatala chopita nacho chifuwa chimene ambiri amatuluka nacho kundende, ndiponso mbusa wina ku Chinsapo amene amayenda nawe kumudzi kukakuyanjanitsa ndi abale. "Zimenezi simungazione pachikwangwani, mayi," anatero. "Timauzana tokhatokha, tikazindikirana."

Madzulo tinabwerera pa minibasi. Tsiku lonse ndinalimbana ndi kubisa chinthu chimene chinadzatitsegulira khomo, ndipo njira ya munthu wotuluka kundende amaidziwa ndi amene anaiyendapo. Achimwene anatulutsa chitumbuwa chija n'kudya poyera, akuyang'ana pawindo.

Titafika kunyumba tinapeza mayi eni nyumba ali pakhonde, manja m'chiuno. Mawondo a achimwene anayamba kupindika. Koma anadziwongola.

"Mwaswera bwanji, amayi?" anatero ataima, utuchi uli mbuu m'tsitsi. "Mawa ndilawirira kuntchito."