Zilembo za pa Pompi ya Ba Hosea

Philomena ndi mwana woyamba wa Ba Hosea Njobvu ndi malemu Ba Ennie, a ku Kanyama, koma kwawo kwenikweni ndi ku Petauke. Iyenso ali ndi ana awiri, Isaiah ndi Felistus, onse anzeru ngati mayi wawo. Asakunamizeni munthu kuti anatengera kuchimuna.

Ntchito yake ndi yolemba mapulogalamu a pafoni. Anayamba atatu, iye, Webster ndi Moven, m'kachipinda ka lendi ku Kalingalinga, mawondo akugundana pansi pa tebulo. Anapanga pulogalamu yogulitsira madzi pa mapompi a m'makomboni: wogula alipira pafoni, wogulitsa aona dzina lake, atsegula madzi. Woyamba kuigwiritsa ntchito anali atate ake omwe, amene ankagulitsa madzi pafupi ndi msika. Masiku amenewo Ba Hosea akadandaula m'mawa, dzuwa lisanapendeke vuto latha. Philomena ankangotembenuka n'kuti, "Webster, ona apa," basi.

Pulogalamuyo inatchuka. Kunabwera eni chuma, nalemba anthu ambiri ntchito, ofesi n'kusamukira m'tauni. Chaka chomwecho kwacha inagwa, unga unakwera, malaiti n'kumabwera mongosuzumira. Ndi pamenenso maso a Ba Hosea anayamba kuchita nkhungu.

"Mayi, ni kanthu kang'ono chabe," Ba Hosea anauza Philomena tsiku lina pochokera kutchalitchi. "Vilembo ivi unikulisireko. Niona monga ni nyerere."

"Mawa chabe, atate."

Mawa lake pempholo linakaima pamzere kuofesi. Lamulo latsopano linali lakuti palibe wokhudza pulogalamu nkhani isanakambidwe. Zilembo zinali za gulu loona maonekedwe, gululo linkadikira gulu loyesa, loyesalo linkadikira bwana watsopano, Ba Nkole. M'mawa uliwonse ankaima chilili mozungulira, aliyense kufotokoza zomwe anachita dzulo, ndipo womaliza asanatseke pakamwa malaiti apita. Ntchito itachedwa, Ba Nkole anawonjezera anthu kuti ifulumire, ndipo wowaphunzitsa anali Philomena yemweyo. Ankafika kunyumba mawu atasasa, asanalembe kanthu tsiku lonse.

Atatopa nazo, anangokonza yekha masana ena, tiyi asanazizire m'kapu. Sanadziwe kuti gulu lina linali litasuntha batani lotsegulira madzi patsamba lomwelo. Zilembo zake zazikuluzo zinaphimba batanilo, ndipo m'makomboni a Chawama ndi George zigubu zinandanda mpaka pamsewu. Akuofesi anazibweza mwakale, nawonjezera lamulo lina: munthu akakonza kanthu, ena awiri azionamo kaye.

"Ba Philo, sitilinso batatu iyayi," anatero Webster, amene tsopano ankavala tayi. "Ukagwira apa, kugwedezeka uko kwamene sunaone."

"Ni batate banga, Webster. Benze kukupasa madzi yaulele iwe, pamene wenze na nsapato imodzi."

"Niziba. Tizaikamba pa miting'i ya pa Chinayi."

Chomwe chinamuwawa n'chakuti Webster sananame.

Ku Kanyama, Ba Hosea ankatsegulira madzi mayina olakwika. Azimayi pamzere anayamba ndi nthabwala, kenako mwano. Akomiti ya madzi anawapempha mwaulemu kuti apume, pompi n'kupatsa wina wa maso akuthwa. Ba Hosea sanamuuze mwana wawo. Philomena anamva kwa mayi wina m'basi.

Anawapeza atakhala pakhonde, nkhope italoza kumene kunkamveka phokoso la zigubu.

"Atate, baivomereza. Bati vizachitika mwezi wa mawa."

"Konzani chabe, mayi. Kuli nkhalamba zina pa mapompi."

Sanamudzudzule, ndipo iye sanapepese, chifukwa mawu ake anali atathera kuofesi. Foni inali kulira m'chikwama, kumuitanira kumsonkhano wokambirana zochepetsa misonkhano. Anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, naisiya ilire.

Mwezi uja unadutsa, wina n'kudutsanso. Akakumana amakamba za ana ndi za mtengo wa makala. Za zilembo, atate safunsa, mwana sayambitsa.