Wamphongo wa khutu long'ambika

Akazi anga sanapite patali ndi sukulu, koma pa nkhani ya akalulu panalibe wowaposa m'dera lathu lonse, kumwera kwa Mzimba. Ine kwathu ndi ku Dedza. Ndinabwera kuno kudzacheka matabwa ku Chikangawa, ndipo nditapuma ntchito tinakhazikika pa malo amene alamu anga anatipatsa. Makola a akalulu ndinakhoma ndine, ndi matabwa a paini otsala ku macheka. Ntchito yanga inathera pomwepo, zina zonse zinali za mayiwo.

Ankadziwa kuti wamkazi uyu amalera bwino, uyo amaponda ana, winayo mkaka ndi wochepa. Sankalola kuti a bere limodzi akwerane. Zonsezi ankazisunga m'mutu ndi pa timizere ta makala tojambula pa zitseko za makola. Anasankha chonchi zaka ndi zaka, mpaka panabadwa wamphongo wina wofiirira, wa msana wotambalala, amene waya unamng'amba khutu lakumanzere ali mwana. Ana ake sankafa ndi kutsegula m'mimba nthawi ya dzinja, pamene a anthu ena ankangotha ngati nkhuku za chitopa.

Kuno wamphongo wabwino sagulitsidwa, amabwerekedwa. Mnzako amabwera ndi katoni, n'kumutenga sabata imodzi kapena ziwiri, n'kudzamubweza. Ana akasiya kuyamwa, amakubweretsera mmodzi wothokozera. Palibe cholemba. Khola lake umalisiya lotsegula ndi kumalisesa, poti mwini wake akubwera. Wa khutu long'ambikayu anayenda midzi yambiri motere, mpaka ku Euthini, ndipo nthawi zonse ankabwerera.

Chaka china kunafika galimoto ndi bambo wina wophunzira kwambiri, wofufuza za mitundu ya ziweto. Anali waulemu, sindinganame. Anakhala nafe masiku atatu, akuyeza akalulu pa sikelo ndi kufunsa akazi anga mafunso osatha: amasankha bwanji make, amadyetsa chisoso chochuluka bwanji, timizere ta makala tija tikutanthauza chiyani. Mayiwo ankayankha m'Chitumbuka, ine n'kumamasulira. Ndinadzitukumula ngati finye masiku amenewo, poti Chingerezi changa cha ku macheka chinapeza ntchito.

Tsiku lachitatu anapempha wamphongo uja, ati akamuike ndi aakazi a kumalo awo ofufuzira. Akazi anga sanazengereze, mlendo wobwereka samanidwa.

“Mbwenu tengani, adada,” anatero. “Koma mumusamale chomene, madeya onyowa sadya. Akamaliza ntchito abwere.”

Bamboyo anatulutsa pepala loti tisaine. Ndinaliwerenga. Linanena poyera kuti tikupereka kaluluyo kwa ofufuza, ndipo panalibe mawu obweza. Ndinamva bwinobwino, sindingabisale kumbuyo kwa umbuli. Koma ndinachita manyazi kukangana ndi munthu wamadigiri chifukwa cha kalulu, ndipo mumtima ndinati pepala ndi pepala chabe, ndani sadziwa kuti wamphongo amabwezedwa? Mayiwo atafunsa zolembedwazo, ndinawauza kuti ndi umboni woti mlendo anafika pakhomo pathu. Anadinda chala. Mawu awo oti akamaliza ntchito abwere, sindinawamasulire n'komwe.

Sabata ziwiri zinatha, kenako miyezi. M'mawa uliwonse ankasesa khola lija ndi kutsuka kambale ka madzi. Anthu ankabwera ndi makatoni awo n'kubwerera opanda kanthu, ena akung'ung'udza kuti tagulitsa mobisa kwa anthu a galimoto. Zimenezi zinawapweteka mayiwo kuposa kusowa kwa kaluluyo. Anaganizako za ana ake aamuna amene anali kwa anzathu, koma onse anali apachibale ndi aakazi athu, ndipo iwo sakanaswa lamulo lawo. Anabwereka wachilendo. Dzinja litafika tinakwirira tiana tambiri kuseri kwa nyumba.

Ndinaimba foni kwa bambo uja mobisa, ndili kumunda. Anandiyankha mokoma kuti kaluluyo akuchita zodabwitsa, koma nyama ikalowa kumalo awo situlukanso, kuopa matenda, ndipo anandikumbutsa za pepala lija. Kunyumba ndinakanena kuti foni sikupezeka. Bodza limodzi linabala linzake, ndipo ndinalilera zaka zinayi.

Tsiku lina ndinapita pa boma kukagulitsa tomato. Mnzanga wina pamsika anandionetsa kabuku ka alimi kamene anapatsidwa ku msonkhano. Pachikuto panali bambo uja, akumwetulira, atanyamula kalulu wofiirira. Khutu lakumanzere linali long'ambika. Ndinakhala pansi pa khonde la sitolo n'kuwerenga konse. Ati kafukufuku wawo watulutsa mtundu wopirira matenda, ndipo alimi m'maboma ena apindula nawo. Njira yosankhira make inalembedwa ndime ndi ndime, monga momwe mayi a ana anga anainenera atakhala pa mphasa. Kumapeto anathokoza alimi a m'midzi, basi, ngati kuti ndi udzu wa m'mbali mwa msewu.

Sindikana kuti anthu anapindula. Pali ana kwinakwake amene akudya nyama chifukwa cha kaluluyo, ndipo bamboyo anagwiradi ntchito yake. Koma ndinakwiya, ndipo ndikadali wokwiya. Munthu angakhale masiku atatu pakhomo, n'kufunsa mpaka kulemera kwa madeya, osafunsa kuti khola lopanda kanthu limasesedwa chifukwa chiyani? Akanafunsa mmene timabwerekera, akanadziwa. Komabe mkwiyowo ukafika pa iye, umabwerera kwa ine, poti amene anali pakati pawo ndi pakamwa pawiri ndinali ine.

Ndinaganiza zotaya kabukuko m'njira, koma ndinafika nako. Ndinawapeza mayiwo akusadzula chisoso, ndipo ndinangowapatsa kabukuko. Anapukuta manja pa chitenje, n'kuyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, chala chili pa khutu lija.

“Ananenepa,” anatero. “Ankamudyetsa bwino.”

Anati ankamudyetsa, osati akumudyetsa. Iwo ankadziwa kuposa ine kuti kalulu sakhala zaka zonsezo. Kenako anandibwezera kabukuko, natsegula tsamba loyamba.

“Mundiwerengere, adada. Koma ulendo uno muwerenge zomwe zalembedwa.”

Ndinawerenga zonse, ndipo nditamaliza ndinanenanso za pepala lija ndi za foni. Sanandikalipire, ngakhale ndikanakonda akanatero. Anangothokoza kuti yewo, n'kupitiriza kusadzula chisoso chawo.

M'mawa mwake sanasese khola lija. Anatseka chitseko chake, n'kufufuta timizere ta makala ndi chiguduli chonyowa. Kuyambira pamenepo, pakabwera mlendo wa mapepala, amaitana mwana wa achimwene awo kuti adzawawerengere, ine ndili pomwepo.