Pamene Chiswe Chinadya

A Yeremiya Lonjezani a ku Mualadzi khasu linawakana ali mnyamata. Mizere yawo imakhota ngati njira ya woledzera, ndipo anthu odutsa m'mbali mwa munda wawo amangopukusa mitu. Koma apatseni kaneta yolembera ndi pepala, mudzaona. Dzanja lokhalo ndi lomwe Mulungu anawapatsa, ndipo iwo amadziwa zimenezo, mwina kuposa muyeso.

Anabwerera kwawo mu 1994, pa lole yodutsa ku Cassacatiza, atakhala zaka zisanu ndi ziwiri kumsasa wa Ukwimi ku Zambia. Pothawa nkhondo anali ndi mlongo wawo wamng'ono, Generosa. Pobwera anali ndi chitenje chake chokha m'thumba. Mudzi anaupeza uli tchire, mitengo ya mango yokha ndiyo inkasonyeza pomwe panali nyumba ya uje ndi uje. Ena ankaimba potsika lole. A Yeremiya anangokhala pa katundu wawo, atatopa ngati ayenda wapansi ulendo wonsewo.

Chaka chimenecho akulu a mpingo anafukula mtsuko womwe anakwirira pothawa. Munali mabuku atatu olemba pamanja: la ubatizo, la maukwati ndi la milandu. Chinyezi chinali chitalowa, chiswe nacho chitadyako mbali yake. Anthu ankafuna masiku obadwa a ana awo kuti akawalembetse ku boma ku Chifunde, ndiye a Kalekeni, mkulu wa mpingo, anafunsa Lamlungu lina kuti ndani angakopere zonsezo m'makope atsopano. Malipiro panalibe, choncho aliyense anayamba kuyang'ana zala zake. A Yeremiya anakweza mkono. Sikuti anali odzipereka kuposa anzawo ayi. Tsiku linkawatalikira, ndipo akakhala chete Generosa sankachoka m'mutu.

"Lamulo ndi limodzi, achimwene," anatero a Kalekeni powapatsa mabukuwo. "Pamene chiswe chadya, siyani mpata. Musalembe zomwe simukuzidziwa."

Ankalembera m'tchalitchi chopanda denga, pa chitseko chakale chosanjika pa njerwa, dzuwa lisanafike paliwombo. Mandala awo anali omanga ndi ulusi. Masamba ena ankamatana, ndipo ankawalekanitsa ndi nthenga ya nkhuku, pang'onopang'ono, mpweya ataugwira. Inali ntchito yolemetsa mtima. Pa mayina khumi aliwonse, atatu kapena anayi anali a anthu omwe iwo anawaika m'manda ndi manja awo, kapena omwe analowa m'tchire osaonekanso. Pofika masana msana unkawawa, maso ali psuu. Anamaliza la ubatizo, anamaliza la maukwati. La milandu analisiya pansi pa ena onse kwa miyezi isanu, ndipo chifukwa chake ankachidziwa.

Mu 1985 munda wa mayi awo unalowa udzu. A Yeremiya nthawi imeneyo ankangoyenda ndi Baibulo kukhwapa, akufuna udikoni. Generosa ataona kuti chimanga chikufa, anafulula mowa n'kuitana dima, anthu anabwera ndi makasu, munda unatha tsiku limodzi. Koma mpingo wawo sulola mowa. A Yeremiya anapita kwa mlaliki mobisa n'kukanena mlongo wawo, ati kusonyeza kuti pa za Mulungu alibe chibale. Generosa anadulidwa mu mpingo. Udikoniwo ngakhale kuununkha sanaununkhe, nkhondo inafika kaye.

Generosa sanadziwe. Iye anaganizira a Feliciana, mayi woyandikana naye nyumba, amene anabwera kudzabwereka lichero tsiku lofulula. Anasiya kuwapatsa moni, ndipo mudzi wonse unatsatira, a Feliciana n'kutchuka kuti ndi a pakamwa. Mlaliki ndi mlembi wa mpingo, omwe ankadziwa zoona, anafera m'njira pothawa. Ku Ukwimi a Yeremiya atagwidwa malungo, Generosa ndiye ankawamwetsa phala ndi supuni.

"Achimwene, idyani," ankatero. "Mukafa inu, ine nditsala ndi ndani?"

Koma amene anafa ndi Generosayo, mu 1991, atatsegula m'mimba masiku atatu, asanabwezedwe mu mpingo. Wodulidwa saimbiridwa. Anamunyamula mwakachetechete, kunkangomveka mapazi ndi makasu. A Feliciana anatunga madzi a pamaliro tsiku lonse popanda wowalankhula. A Yeremiya anaona zonsezo, pakamwa ali tsekee.

Tsamba la mlanduwo analifika m'mwezi wa Okutobala, kukutentha. Dzina la Generosa linali bwinobwino, chilembo chilichonse chikuoneka: wadulidwa chifukwa chofulula mowa. Pansi pake panalembedwa kuti "Wodzanena", kenako bowo. Chiswe chinadya pomwepo ndendende, bowo lokwana chala chachikulu.

Anaseka, kuseka kosakoma. Ndi iwo okha padziko lonse amene ankadziwa dzina lomwe linali pabowolo, ndipo lamulo la a Kalekeni linkawateteza. Anakopera mzere wa Generosa, n'kusiya mpata, n'kupitirira. Analemba milandu ina iwiri, wa mbuzi ndi wa ndewu ya pachitsime, koma dzanja lija linayamba kuwakana, zilembo zikugwerana. Anatseka kope n'kupita kwawo. Mawa lake sanabwere, mkuja wakenso. Anthu anayesa malungo abwereranso. Sanali malungo. Anali atatopa, kutopa kwa munthu amene wasenza chinthu zaka zisanu ndi zinayi osatula, ndipo mlongo wawo ankamusowa koopsa.

Tsiku lachitatu anabwerera, anatsegula kope, ndipo pampata paja analemba kuti: Yeremiya Lonjezani, mlongo wake.

A Kalekeni anali ndi chizolowezi chobwera Loweruka kudzayerekeza buku lakale ndi latsopano, chala china uku, china uku. Atafika pamenepo chala chinaima. Anayang'ana bowo, anayang'ana kope, anayang'ananso bowo.

"Apa chiswe chinadya, achimwene."

"Chinadyadi."

"Nanga dzinali mwalitenga kuti? Tinati musiye mpata."

"Munati ndisalembe zomwe sindikuzidziwa. Izi ndikuzidziwa."

A Kalekeni anakhala pansi pa njerwa, n'kuvula chipewa. Anali munthu wosakonda phokoso, ndipo mpingo unali utangoyamba kumene kusonkhananso.

"Anthu atopa, a Yeremiya. Aliyense wabwera ndi zake m'mimba. Ndikupatsani tsamba lina, mulembenso. Ine sindinaone kanthu."

"Inenso ndatopa, akulu. Mwana uja wagona ku Zambia popanda nyimbo, dzina lake lili poyera. Langa ndiye libisale m'mimba mwa chiswe?"

"Bukuli aliyense wofuna adzaliwerenga."

"Awerenge."

Mkuluyo anapuma mozama, n'kunena chapansipansi kuti mlandu suola. Sanawapatse tsamba lina. Anangofunsa ngati mwini nkhaniyo, a Feliciana, amva kale, poti sibwino akamvere kwa anthu.

A Yeremiya anavindikira kaneta, anaika mwala pa mabuku kuti mphepo isatsegule, n'kutuluka. Nyumba ya a Feliciana inali kumapeto kwa mudzi, kakhumbi kaudzu komwe anamanga okha, poti pa dima lofolera sikunabwere munthu. Panali pafupi, koma anapumira kawiri m'njira. Pakhomo anapeza chimanga chili padzuwa, chitseko chili chotseka pang'ono. Anagwada pafupi ndi mtondo.

"Odi kuno."

M'katimo munamveka kukhosomola, kenako mawu a munthu wosazolowera alendo.

"Ndani?"

"Ndine Yeremiya, mayi. Mlongo wake wa Generosa. Tulukani, ndabwera ndi mlandu wanga."