Mankhwala Ali M'chikwama

Wapolisi wamkazi anandikodola ndi chala Lachiwiri m'mawa, nditangotsika ndege. Tinali titauluka kuyambira dzulo lake, ine ndi mwana wanga wamkazi wa miyezi isanu, kulondola bambo ake omwe kale ankaphika paloji ina ku Kande koma tsopano amasamalira nkhalamba ku Ulaya. Miyendo inali itatupa. Pabwalo la ndegelo anthu anali piringupiringu, aliyense akukoka chikwama chake, ndipo palibe anacheuka pamene ankandichotsa pamzere.

M'kachipinda kopanda zenera anatsegula katundu wanga. Anapeza majumbo atatu a ufa wa chinangwa umene apongozi anga anaviika, kuyanika ndi kusinja okha kuti mwana wawo akadyeko kondowole. Woyera mbee, fungo lake lomwe lija. Apolisiwo anayang'anana, navala magolovesi.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, choncho anaimbira foni womasulira, bambo wa Chichewa cha ku Lilongwe, wothamanga pakamwa.

"Mayi, akufunsa ngati mwanyamula mankhwala."

"Eya, ada, ndanyamula. Ali m'chikwama."

"Wakupatsani ndani?"

"Ndinagula ku Chintheche. Bambo a mwanayu ndiwo anati ndisaiwale."

Ine ndinkanena panado wamadzi wa mwana. Iye sanati "osokoneza bongo" ayi. Mawu awiriwo anawadumpha, kaya ndi changu kaya n'chiyani. Zomwe anawauza m'Chizungu sindinamve, ndinangoona wapolisi akulemba.

Cha m'ma 11 koloko anandimasula mwana kumsana. Chitenje anandibwezera atachipinda bwinobwino. Kenaka anandivula zovala zonse, nandifufuza paliponse. Za izo ndilekeze pomwepo.

Ananditsekera m'chipinda cha benchi yachitsulo ndi getsi losazima. Mabere anadzaza mpaka kuuma gwa, bulauzi kunyowa. Mkaka ndinkakamira m'sinki, n'kutsegula mpopi. Mlonda akabwera ndi buledi ndinkamuonetsa ndi manja kuti mwana, mwana. Yankho linali limodzimodzi: dikira.

Lachitatu masana anamuimbiranso womasulira uja. Ndinamuuza kuti ufa uja ndi wa nsima basi.

"Mayi, musasinthe mawu. Dzulo munavomera nokha."

"Ndinavomera chiyani, ada? Nsima ya kondowole simuidziwa?"

Anaseka. "Ine ndine wa chimanga, mayi. Zanu Atonga zomata m'manja zija sindizidziwa."

"Nanga mwana wanga akuyamwa chiyani?"

"Akuti ali m'manja abwino. Funso lina?"

Lachisanu 3 koloko anandiitana. Makina awo anali atapeza kuti ufa uja ndi ufa.

"Akuti mwamasuka," anatero womasulira. "Ufawo autaya kale. Sainani pepalalo kuti anakusungani bwino."

Ndinasaina. Ndinatinso "yewo", pakamwa pongozolowera.

Mwana anandibweretsera atamuveka zovala za eni, akununkhira sopo wachilendo, botolo lili pambali. Bambo ake tinawapeza panja pa chitseko, maso ali psuu. Masiku onsewo ankagona pamipando, nawonso atafunsidwa zofunsidwa. Aka kanali koyamba kumuona mwana wawo. Ine sindinadikire moni. Ndinakhala pabenchi pakati pa chinamtindi chija, n'kumupatsa bere. Analinunkhiza, napotoza khosi. Ndinamupatsa linalo. Analira mpaka kubanika, timanja tikufuna botolo.

"Ingomupatsani botololo, mayi a mwana," anatero bambo ake chapansipansi. "Anthu akutiyang'ana."

Ndinayesa milungu iwiri, m'mawa ndi madzulo. Sanayamwenso.

Akwathu ndikawafotokozera amati ndinachita mwayi, ena amatha zaka m'ndende. N'zoona, sinditsutsa. Pasipoti anandibwezera, chitseko anatsegula, ndipo lero ndimayenda kumene ndikufuna. Koma ufulu wa mtundu umenewu ndinauona mmene ulili. Amakubwezera zimene analemba papepala kuti anakulanda. Zomwe sanalembe, palibe amene ungamufunse. Palibe anapepesa, pakuti m'mabuku mwawo palibe chinalakwika: mwana anandibwezera wamoyo, wokhuta.